Siwa mu Tenti ya a Peggy

Tsiku limene anabwera kudzatseka msewu wathu ndinali panja, ndikutsuka mawindo a lesitilanti imene inali itatha milungu yambiri osalowamo kasitomala. Lole ya boma la mzinda inatsitsa zipilala zasimenti kumtunda ndi kumunsi, magalimoto n'kuyamba kukhotera kwina. Masana ake tinadzutsa tenti yoyera pakati pa tala n'kundandalika mipando. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione ngati yawongoka, ndinazindikira china. Msewu wotseka, tenti, mipando panja: kwathu ku Mponela zimenezi zimatanthauza chinthu chimodzi basi. Ndinauza a Peggy, eni malowo, kuti kwathu zikatere ndiye kuti pamudzi pagwa zovuta. Anaseka kuseri kwa masiki n'kunena kuti kuno zikutanthauza kuti mawa tigulitsa chakudya.

Koma ndiyambe ndi a Mbewe, chifukwa popanda iwo Indiana, ku America, sindikanaidziwa. Anali a m'mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo amayi awo ndi amayi anga ankakhala benchi limodzi kutchalitchi. Ubale unali womwewo, koma ndinkawaitana achimwene, iwo n'kumati mphwanga. Ndi iwo amene anandichingamira ku South Bend, pa siteshoni ya pabwalo la ndege, nditatsika sitima yochokera ku Chicago. Ndinali nditavala suti ya pa ukwati wanga ndi nsapato zosongoka, mano akugogodana. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mphwanga, ukukafunsira mbeta kapena wabwera kuntchito?"

Anavula jekete lawo n'kundiveka pomwepo, iwo n'kuyenda ndi juzi yokha mpaka pa galimoto.

Ndinabwera ndi mapepala a sukulu, koma sukuluyo sindinapite nayo patali. Zaka za ku South Bend ndimazikumbukira ngati fungo la sopo wotsukira mapoto. Tinkagona anthu anayi m'chipinda chapansi pa nyumba, chopanda windo, matiresi awiri okha. Wa shifiti ya m'mawa akadzuka, wochokera kuntchito ankapeza pogona pakadali pofunda. Ine ndinkatsuka mbale pa malo odyera ena pafupi ndi chipatala, m'tauni. Podikira basi m'nyengo yachisanu ndinkabisa manja m'khwapa, chifukwa anali atang'ambikang'ambika ndi madzi. Zimene ndinkapeza zinkapita kumudzi. Zinasanduka malata, fizi ya ana anga awiri, ndi mankhwala a amayi mpaka tsiku limene anatisiya. Maliro awo sindinapite. Amene anabwera kudzandikhalira m'chipinda chapansi chija, atatenga Amalawi ena asanu ndi awiri ndi poto wa tiyi, anali a Mbewe.

Imeneyo ndiyo inali ntchito yawo yeniyeni, ngakhale malipiro ankalandira ku nyumba yosamalira okalamba. Mmalawi akamwalira kulikonse mu Indiana, kapena akaferedwa kumudzi, woyamba kufika anali a Mbewe, mipando yopinda ili m'vani. Ankadziwa khomo loyenera kugogoda kuti thupi likwere ndege. Ankadziwa woyambitsa nyimbo, wopemphera, ndi woyenera kumuletsa kulankhula chifukwa sachedwa kutalikitsa. Tinkawaseka kuti vani yawo imanunkhiza imfa ikadali ku Chicago. Iwo ankangoti, "Sekani, tsiku lanu ndidzakupakirani pakhomo."

Akazi awo, amake Tadala, atapeza ntchito ya unamwino ku Indianapolis, banja linasamukira ku Lawrence, m'mbali mwa mzindawo. Patapita chaka ndinawatsatira. Ku Lawrence wopanda galimoto ndi wandende, ndiye a Mbewe anandiphunzitsa kuyendetsa pa bwalo la sitolo Lamlungu masana, akundikalipira ngati mwana. Ntchito ya kwa a Peggy ndinaipeza ndekha. Anali mayi wachizungu wa imvi, wamfupi, woyenda motsimphina, ndipo lesitilantiyo anaisiyiridwa ndi bambo awo. Anali okalipa, inde, koma anakhala sabata yathunthu akuyeserera dzina langa mpaka analitchula bwino. Ndinayamba ndi mapoto, kenako anandikweza kukhala wonyamula chakudya. Mliri utafika, malo ambiri anachotsa antchito tsiku limodzi. A Peggy anatisunga tonse anayi, akulongedza chakudya m'makatoni kuti anthu azidzatenga pakhomo, ngakhale obwera anali ochepa moti tinkawadziwa mayina.

Ndiye boma la mzinda litalola kuti anthu azidyera panja, kwa ife chinali chipulumutso. Linatseka msewu, linathandiza a Peggy kugula tenti ija, ndi mahita aataliatali a gasi oti tidzayatse kukayamba kuzizira. Zonsezi zinkadalira pepala limodzi la chilolezo, lomwe analimata pa windo pafupi ndi chitseko. Linali ndi malamulo ake: matebulo atalikirane, tebulo lililonse anthu owerengeka, palibe kuimirira m'magulu, palibe kusonkhana kwa mtundu wina uliwonse. A Peggy ankatiwerengera m'mawa uliwonse ngati vesi.

"Pepala ili likachoka pa windo, ifenso tachoka," ankatero, akuligogoda ndi chala.

Woyeza ndinali ine. M'mawa ndinkatuluka ndi tepi ndi choko, kulemba pa tala pamene mwendo wa tebulo uyenera kuima. Makasitomala akakoka mipando kuti ayandikane, ndinkabwera ndi ulemu wanga wonse kudzaibwezera pa mzere. Mvula ikagwa, mizere inkafufutika, ndiyambirenso. Mphepo inkauluza timapepala topukutira pakamwa mpaka pa zipilala, ine pambuyo. Ndinkatopa, koma ndinkanyada nayo ntchitoyo. Mumsewu wonsewo panalibe tenti yowongoka ngati yathu.

Masamba a mitengo atayamba kufiira, a Mbewe anandiimbira ndili pa ntchito.

"Mphwanga, anditesita, ndapezeka nako. Usabwere kunyumba. Ndikuaisoleta m'chipinda cha Tadala."

Ankaseka, akuti kachilomboka kalakwitsa adiresi. Patatha masiku anayi anawatengera kuchipatala. Sindinawaonenso. Amake Tadala, namwino wathunthu, anatsanzikana ndi amuna awo pa foni imene namwino mnzawo anagwirizira pafupi ndi khutu.

Thupi silikanatha kupita kumudzi. Tinawaika ku Indianapolis komweko, anthu ochepa amene analoledwa titaima motalikirana ngati odana. Bokosi silinatsegulidwe. Panalibe nyimbo, chifukwa aliyense ankadikira a Mbewe kuti aloze woyambitsa. Tadala ndi mlongo wake anaima atagwirana manja, akufunsa amayi awo m'Chingerezi ngati zatha. Zinali zitathadi. Tinalowa aliyense m'galimoto yake, ndipo ine ndinakafika kuntchito nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Tsiku lachitatu amake Tadala anandiimbira. Mawu awo anali ouma, a munthu amene walira mpaka misozi kutha.

"Alamu, apongozi anga kumudzi sakudya. Akungofunsa kuti ndani anamukhalira mwana wanga. Akuti mwamutaya ngati galu wogundidwa pamsewu. Ndiwayankha chiyani?"

Anapitiriza ndisanayankhe.

"Kuno landilodi wabana mavizita, sakufuna alendo pakhomo. Kutchalitchi n'kokiya. Ndimaganiza za tenti ya kuntchito kwanu ija. Lolemba mumakhala mwatseka, si choncho? Mungawatekisite abwana anu? Ola limodzi lokha, alamu, tingokhala pansi ngati anthu."

Ine ndine munthu wosadziwa kukana, ndipo pamenepa sindinafune n'komwe kukana. Munthu amene anakhalira maliro a Indiana yense, apite wopanda womukhalira? Zinandiwawa ngati andimenya. Sindinatumize uthenga, ndinakalankhula nawo maso ndi maso a Peggy akupukuta kauntala. Anamvetsera mpaka kumapeto. Ankawadziwa a Mbewe, chifukwa nthawi zina ankabwera kudzanditenga galimoto yanga ikafa, ndipo ankawapatsa khofi waulere.

"Anthu angati?" anafunsa.

"Khumi. Mwina khumi ndi awiri."

Anayang'ana pepala la pa windo, kenako ine.

"Akhale pa matebulo, pa mizere yako. Masiki pakamwa. Ola limodzi. Ndikudalira iwe, chifukwa ndiwe wa tepi."

Anandipatsa kiyi wa loko wa unyolo umene tinkamangira mipando.

Ndinauzadi anthu khumi okha. Zimenezi ndakhala ndikudziuza zaka zonsezi, ndipo n'zoona. Koma china n'choonanso: ndinabadwira ku Mponela, osati ku Indiana. Ndinkadziwa kuti uthenga wa maliro sukhala ndi mwini wake. Ndinkadziwa kuti palibe Mmalawi angamve kuti a Mbewe akukhaliridwa malo akuti, iye n'kukhala pakhomo kudikira kuitanidwa. Pamene ndinkati khumi, mumtima ndinkaona kale magalimoto. Ndinanama ndi nkhope yowongoka kwa mayi amene sanandinamizepo.

Lolembalo kunali dzuwa lozizira. Ndinafika m'mawa, ndinalembanso mizere, ndinaika botolo la sanitaiza pa tebulo lililonse. Amake Tadala anafika ndi amayi atatu. Kenako anabwera a ku Lawrence, a ku Speedway, ena ali m'mayunifomu a kuchipatala. Cha m'ma 2 koloko ndinaona mavani a ku South Bend akupaka kuseri kwa zipilala, limodzi pambuyo pa linzake. Anthu ankatsika osalankhula, amayi akumanga zitenje pamwamba pa mathalauza. Ndinathamangira kwa a Kachingwe, mkulu wa Amalawi a ku South Bend, bambo wa zaka zambiri amene anafika ku America ine ndisanakwatire.

"Bambo, pepani, malo ano ali ndi malamulo. Sitingakwane tonse."

"Tadiraiva maola atatu, mwana wanga," anatero modekha. "Ukufuna ndiwauze abwerere? Kawauze ndiwe. Yambira pa uyo, a Mbewe anamutumizira thupi la mkazi wake kumudzi."

Sindinapite kukamuuza. A Kachingwe anayenda pang'onopang'ono mpaka pa kamtengo kamene mzinda unadzala m'mbali mwa msewu, anathyola nthambi zingapo, n'kukaziyala pa tala kutsogolo kwa zipilala, kumtunda ndi kumunsi, kuti wodutsa adziwe kuti pano pali zovuta. Palibe galimoto imene ikanadutsa pamenepo, komabe anayala.

Mizere yanga sinakhalitse. Amayi anakankhira matebulo m'mbali, anayala zitenje pansi, n'kukhala mothithikana kuzungulira namfedwa, miyendo atatambasula. Abambo anatenga mipando n'kukakhala mbali inayo, mapewa akugundana. Ndinazungulira kawiri ndi tepi m'manja, ndikunong'oneza kuti chonde titalikirane. Mayi wina anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndiye wina anayambitsa nyimbo, imene a Mbewe ankakonda kuyambitsa okha, ndipo amake Tadala analira kulira kumene anakusunga kuyambira kuchipatala. Amayi anamugwira, masiki atatsikira kuchibwano. Tepi ndinaiika m'thumba. Ndinakhala pansi pa mpando pakati pa abambo, ndinaimba, ndinalira achimwene anga, ndinaliranso amayi anga. Sindibisa, linali ola lokoma kuposa onse amene ndinakhala m'dziko limenelo. Ndipo silinali ola limodzi, tinabalalika dzuwa litapendeka.

Pakati pa nyimbo ndinaimirira kujambula zithunzi zoti zipite kumudzi. Ndikukweza foni, ndinaona kuti pa mawindo a nyumba zosanja za tsidya la msewu palinso mafoni ena atatiloza.

Sindiwada anthu amenewo. Anali atatsekeredwa m'nyumba miyezi, ena ataika abale awo popanda nyimbo ngati ife, ndiye akuona khamu likukumbatirana pansi pa windo lawo. Lachiwiri m'mawa kunabwera mayi wa ku ofesi ya mzinda, waulemu, atanyamula faelo. Anaonetsa a Peggy zithunzi pa foni yake. Anafunsanso za kamtengo kothyoledwa. Kenako anamatula pepala la pa windo mosamala, kuti lisang'ambike, n'kunena kuti chilolezo chaimitsidwa kufikira nkhaniyo itaunikidwa. Pa galasi panatsala timizere tinayi ta selotepi.

A Peggy sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka. Mayi amene ankatha kulalata chifukwa cha supuni yonyowa anangokhala pa mpando umodzi wa mu tenti, manja pa maondo.

"Unati khumi."

"Ndinauza khumi, mayi. Enawo anangomva."

"Unkadziwa kuti amva?"

Ndinayang'ana pansi. Choko cha dzulo chinali chitafufutika ndi zitenje.

"Ndinkadziwa."

Anagwedeza mutu pang'ono.

"Ukanandiuza zoona, mwina ndikanakana. Mwina ndikanakupezera bwalo la mchimwene wanga kunja kwa tauni. Sunandipatse mpata woti ndisankhe."

Milungu imene chilolezo chinali choimitsidwa inali yomaliza yofunda chaka chimenecho. Matenti a anzathu mumsewumo ankadzaza, yathu ili mbuu, mipando yomangidwa unyolo. Tinabwerera ku makatoni a pakhomo. A Kachingwe analemba kalata yopepesa, Amalawi ambiri anabwera kudzagula chakudya chimene sankachikonda n'komwe, koma sizinakwane. Pamene yankho linkabwera loti tikhoza kutsegulanso, chipale chofewa chinali chitagwa kale, ndipo a Peggy anali atagwirizana ndi munthu wogula mafiriji ndi mbaula. Mahita aja sitinawayatsepo ngakhale tsiku limodzi. Anali akadali ndi mapulasitiki kumutu.

Tenti tinaitsitsa awiri, ine ndi iwo. Anzanga atatu a kukhitchini anali atapita kale, ndipo mmodzi, mayi wa ana atatu, sanandiyankhe nditamutsanzika. Tinapinda chinsalucho ngodya ndi ngodya, manja atauma ndi chisanu. Titamaliza, a Peggy anandipatsa tepi ija.

"Tenga. Unkayeza bwino."

Sindikudziwa ngati ankandinyoza kapena ayi. Ndinamva kuti anasamukira kwa mwana wawo ku dera lina. Ndinawalembera mauthenga kangapo, Khirisimasi iliyonse, mpaka tsiku lina foni inandiuza kuti nambalayo kulibenso.

Ndinakhala zaka zina zingapo ndikunyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu kufupi ndi Speedway, kumene masiku a mpikisano magalimoto ankalira mpaka m'mano. Msana utayamba kukana, ndinabwerera kwathu. Ndinapeza nyumba ya malata imene ndinkangoiona pa zithunzi, ndi ana aatali kundiposa amene ankandipatsa moni atagwira m'manja ngati mlendo wa kutchalitchi. Mkazi wanga anali atazolowera kusankha zonse yekha, ndipo ankachita bwino moti sindinapeze poikapo mawu. Ndinkadzuka m'mawa osadziwa choti ndigwire.

Sabata yachiwiri ndinapita kukaona amayi a Mbewe. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza, atachepa thupi, maso atayamba kuchita nkhungu. Zithunzi zija anali ataziona kale pa foni ya mdzukulu, ndipo amake Tadala anandiuza kuti mayiwo anayamba kudya tsiku lomwelo. Koma ankafuna kumva kwa munthu amene analipo. Ndinakhala pa mphasa n'kuwapatsa foni yanga, iwo n'kuiyandikiza kumaso.

"Anthu onsewa anabwerera mwana wanga?"

"Onsewo, amayi. Ena anayenda ulendo wautali."

"Masambawa ndikuwaona. Ndi msewu anatseka?"

"Unali wotseka, amayi."

"Anatseka ndani?"

"Boma."

Anaika chala pa tenti yoyera.

"Ndi tentiyi?"

"Boma linathandiza kugula."

Palibe liwu limene ndinanama, koma ndinadziwa zimene akumva, ndipo sindinawongole. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anati tsopano akhoza kufa bwino, chifukwa mwana wawo sanatayidwe, analiridwa ngati munthu wamkulu, dziko la eni mpaka kuimitsa magalimoto. Kenako anafunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Nanga pakhomo pamene munakhalapo n'pa ndani? Siwa simangokhala pamtetete."

"Pa mayi wina wachizungu, dzina lawo a Peggy. Ndinkagwira ntchito kwa iwo."

"Ali bwino?"

"Ali bwino, amayi."

Limenelo ndiye linali bodza, kapena mwina silinali, sindikudziwa. Anaitana mpongozi wawo wina wa pamudzipo kuti abweretse jumbo, ndipo anathiramo okha mtedza wonse umene anasenda m'mawa umenewo, dzanja ndi dzanja, n'kumanga mfundo ziwiri.

"Munthu wopereka bwalo lake kwa olira sabwerera manja. Inu a kunja mumadziwa njira zotumizira. Mukawapatse, muwauze kuti mayi wake wa Mbewe wathokoza. Muwauze kuti Mulungu awawonjezere pa malo awowo."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinayenda nalo jumbolo pa kabaza mpaka ku Mponela, nditalikumbatira pamimba.

Lili pamwamba pa kabati, pafupi ndi tepi ija. Mkazi wanga wandifunsa kawiri ngati angakazinge mtedzawo usanawonongeke, ndipo kawiri konse ndakana, ndati uli ndi mwini wake. Mwezi watha ndinautsitsa kuti ndiuone. Wayamba kufumbwa.